Dzimbiri Limayambira Kuphazi

Gwira chingwecho, Esinala, usachigwedeze.
Dzenje ili lifike m'chiuno mwako,
osati m'mawondo ayi.
Makande a kuno ku Bangula ndimawadziwa:
m'chilimwe amayasama ngati ng'ona yoothera dzuwa,
mvula ikagwa amatseka kukamwa
n'kufinya chilichonse chimene unawasungitsa.

Ukuona ziputu zinayi zofiirazo?
Ndi ntchito yanga imeneyo.
Chisakasa choyamba ndinamanga ndine, Fombe,
ndi mapaipi opyapyala ngati bango,
poti komiti inati ndalama zachepa
ine n'kuvomera, fizi ya mwana ili pakhosi.
Penti ndinapaka kamodzi, pamwamba pokha,
pomwe maso a alendo amafika.
Anthu anaomba m'manja. Kunaphedwa mbuzi.

Dzimbiri silinabwere kumwamboko.
Linadikira.
Ilo limayambira kuphazi,
pomwe chitsulo chimakhudza dothi la mchere,
pomwe agalu amakodzera,
pomwe madzi a Shire anagona masabata atatu
osalipira lendi.
Dzinja lachiwiri mphepo inangotsokomola kamodzi,
denga lonse linakatera m'munda wa thonje wa a Zuze,
miyendo itatsala pano.

Kuyambira pamenepo amayi odikira bwato la ku Makhanga
ankaima padzuwa lotentha ngati mbaula,
buku la kusikelo ataphimba nalo liwombo la mwana.
Mmodzi wa iwo anali mlongo wanga.
Sanandinene. Anangondipempha madzi akumwa.
Ndipo anyamata a kabaza anawapatsa dzina malowa:
"Mutsikira pati, mayi?"
"Pa Fombe, pogumuka paja."
Zaka zisanu dzina langa lakhala likukwera njinga
kupita ndi kubwera, lopanda denga.

Ndiye lero usandithamangitse.
Simenti ikwere ndi mzati
kupitirira mzere umene madzi anasiya pakhoma la golosale.
Mchenga usefe, wamatope ubweze.
Kukamwa kwa paipi utseke ndi kachitsulo,
poti mvula ikalowamo
chitsulo chimaolera m'kati, kunja chikuseka,
ngati munthu wosunga mangawa.
Upale mpaka chiwale,
upake wofiira uja katatu,
ngakhale kunsi kumene palibe adzawerame kuti aone.
Makamaka kumeneko.

Malata tiwamange ndi mabawuti, misomali imanyengereredwa ndi mphepo.
Pansi pa denga tisiye mpata, kutentha kuzitulukira pamenepo.
Makoma ayi.
Madzi a kuchigwa kuno sulimbana nawo,
umawasiyira njira ngati maliro akudutsa,
akapita iwe n'kusesa matope.
Benchi likhale la konkire;
chiswe chibwere ndi abale ake onse,
chibwerere mano ali m'manja.

Akomiti abwera dzulo kudzafunsa
chifukwa chake ntchito ikuchedwa.
Ndawaonetsa ziputu zija.
Wina anayang'ana nsapato zake,
wina anafunsa ngati pakhale chikwangwani cha mayina.
Lembani anu, ndatero,
langa lakwera njinga mokwanira.

Tikamaliza, chitini chotsalacho usapite nacho kunyumba.
Ukawapatse mayi Dorika ogulitsa mlamba wowamba aja,
iwo sachoka pano, dzuwa kaya mvula.
Uwauze kuti chaka ndi chaka,
mitambo ikayamba kuda cha ku Thyolo,
atume mwana agwade
apake mapazi a mizatiyi.
Chitsulo sichifa ndi ukalamba.
Chimafa pamene aliyense wokhala pamthunzi pake
akuganiza kuti mwini wake ndi wina.

Ine sindidzaona mapeto a chisakasachi,
ndipo ndi zimene ndikufuna.
Iwe mwina udzadutsa pano ndi imvi,
udzagogode mzati ndi chala.
Ukadzalira kuti ngwee,
udzakhale pansi, udikire bwato lako.

Basi, litsa jenereta.
Ndipatse ndodo yowotcherera,
ndipo uyang'ane kumbali,
moto uwu umadya maso.